Khobidi Lobiriwira la a Hedi

"Pansi pa thambo pano palibe chitsulo chimene chinandikanapo ine," anatero Waliwali ali pampando wa wometa, chibwano chili mbuu ndi thovu. "Bweretsa poto wa agogo ako, bweretsa belu la kusukulu, bweretsa ngakhale mtima wa apongozi. Ndikangoikapo manja awa, chimawala basi. Ndipo ulembe penapake: Loweruka likudzali a Hedi adzadzuka pampando wawo, adzandigwira dzanja anthu akuona, n'kunditchula kuti mkamwini."

"Tsekani kaye pakamwa, achimwene," anatero wometa. "Lumo silidziwa mkamwini wa munthu."

Waliwali sankanama zonse. Kuseri kwa galaja ya pamphambano anali ndi kachipinda ka malata komwe ankapukutirako zitsulo: mabampala a galimoto zakale, zogwirira zitseko, zikho za mpira za matimu amene anaiwala kalekale kuti kupambana n'chiyani. Chinthu chikalowa mmenemo chili bii, chinkatuluka chikuthobwa m'maso. Mwini wakenso ankawala chimodzimodzi, kuyambira nsapato, chitsulo cha lamba, mpaka dzino limodzi lagolide limene ankalionetsa ngakhale pamaliro. Sukulu anaisiyira panjira, ati bolodi linali lakuda kwambiri.

Tsono munthu wowala chotereyu anakagwa m'chikondi ndi mwana wa a Hedi. A Hediwo anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, akazi awo anamwalira kale, ndipo matenda awo anali amodzi okha: makobidi akale. Ena a Aroma, ena a Angerezi, onse oti sungagulire ngakhale machesi. Mwana anali mmodzi yekhayo, mtsikana wamtali, wofatsa, wobadwa ndi banga lakuda kuchokera pansi pa khutu lamanzere mpaka pakati pa tsaya. Anzake a kusukulu anamutcha Kadontho, dzinalo n'kumukakamira mpaka kukula.

*

Chimene chinatupitsa mutu wa Waliwali chinachitika dzulo lake, Lamlungu masana, pamene anakaonekera kwa a Hedi koyamba.

Anamulowetsa m'chipinda chonunkha mabuku. Kukhoma kunali kabati ya madirowa ang'onoang'ono, dirowa lililonse loyalidwa nsalu yofiira, khobidi lililonse lili m'kadzenje kakekake ndi kapepala kolembedwa pamanja. A Hedi anakhala kuseri kwa tebulo, galasi lokuzira zinthu likulendewera pakhosi. Pasofa panali azakhali ake a Kadontho, mlongo wawo wa a Hedi, manja atapinda ngati munthu wobwera kudzaonera mlandu.

"Ndiye inu ndinu wopukuta uja?" anafunsa a Hedi.

"Wowalitsa, bambo. Opukuta ndi aja a mawindo."

"Achimwene, ameneyu musamusiye yekha muno," anatero azakhali. "Mudzapeza ndi dazi lanu lomwe walipaka polishi."

Waliwali anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. A Hedi sanaseke. Anakoka dirowa lapamwamba penipeni, natulutsa khobidi limodzi, ataligwira m'mbali ndi zala ziwiri ngati likutentha. Linali lalikulu, lolemera, lobiriwira ngati ndere za m'ngalande. Ukayang'anitsitsa umaona mutu wa munthu wandevu, masamba atamuzungulira kumutu, ndipo patsaya pake panali kabanga kakuda.

"Mfumu ya Aroma iyi," anatero a Hedi. "Khobidi ili linayamba kuyenda m'manja mwa anthu zaka pafupifupi zikwi ziwiri zapitazo. Ine sindifunsa mnyamata za sukulu yake kapena za m'thumba mwake, poti pakamwa pamanama. Tengani. Mukhale nalo mpaka Loweruka. Mukadzalibweza ndidzadziwa kuti mwana wanga adzakhala bwanji m'manja mwanu."

Pakhomo panali pataima Kadontho ndi thireyi ya tiyi. Makapu anagundana ngwee. Bambo ake anamuyang'ana kamodzi kokha, mtsikanayo n'kuweramitsa mutu.

Waliwali anangotsala pang'ono kuvina. Munthu wowalitsa zitsulo wapatsidwa chitsulo chakuda. Mayeso otero ngakhale mwana wa kumkaka akhoza.

*

Ndiye Lolembalo, thovu likadali pachibwano, anatulutsa khobidilo m'thumba la shati kuti wometa aone.

"Eee, ichi mwachitola m'chimbudzi?" anafunsa wometa.

Pabenchi ya odikira nyuzipepala inatsika pang'onopang'ono. Kuseri kwake kunali Magolovesi, mnyamata wa m'sitolo ya zinthu zakale, amene ankapezera a Hedi makobidi. Ankamutcha choncho chifukwa khobidi sankaligwira popanda magolovesi oyera, ndipo ena amati ndi moni yemwe ankapereka atavala. Zoti nayenso akufuna Kadontho zinali zodziwika msewu wonse, ndipo azakhali anali kale kumbali yake ngati ntchentche pa shuga.

"Akupatsani limenelo?" anatero Magolovesi mwaulemu wonse. "Ine andipatsa khobidi la Angerezi, peni yaikulu yakale ija. Tili kalasi imodzi, achimwene."

"Kalasi imodzi, koma mayeso agwera phunziro langa."

Magolovesi anapinda nyuzipepala bwinobwino, kenaka anamwetulira. "Ndikuuzeni ngati m'bale. Musalipukute."

"Mwati?"

"Musalipukute. Chobiriwiracho chakhalapo zaka zikwi ziwiri. Anthu a masukulu awo amachiopa, amangochiyang'ana chapatali. Si chinthu cha manja a mabampala ngati anuwa. Mulikulunge m'kansalu, mulibweze mmene lilili, muvomere kuti chitsulo ichi chakukulirani. Palibe angakusekeni kwambiri. Wometa, mwamva ndanena, eti?"

"Ndamva," anatero wometa, akunola lumo.

Magolovesi atatuluka, osameta n'komwe, Waliwali anamenya ntchafu. "Wamuona? Akunjenjemera! Mdani akakuuza kuti usadzere njira iyi, dziwa kuti kumeneko n'kumene kuli nyama. Akufuna ndikabweze chinthu chili ndi dzimbiri, mdala aziti mkamwini wake ndi mlesi."

"Bwanji osakafunsa mwini mwanayo?"

"Ndikafunse za chitsulo kwa mkazi? Ine?"

Wometa anangopukusa mutu. Safunsa anadya phula, koma wometa wanzeru salalikira munthu amene sanalipire.

*

Lachitatu madzulo dzuwa lisanalowe Waliwali anakumana ndi Kadontho pabenchi ya pafupi ndi malo okwerera basi, pomwe ankakumana masiku onse. Mtsikanayo anakhala mwachizolowezi chake, tsaya la banga atalilozetsa kukhoma. Padzanja anavala chibangili chamkuwa chimene Waliwali anamusulira yekha mwezi woyamba wa chibwenzi chawo.

"Khobidi lija lili kuti?" anafunsa asanapereke ndi moni.

"Lili bwino, likudya ndi kugona. Tandiuza, mdala wako amakonda zotani?"

"Adadi anandilumbiritsa. Ndikangotsegula pakamwa pa za khobidilo, ndiye kuti walephera. Usandifunse, chonde."

"Nanga ndikufunsiranji, ngati kuti ndasowa nzeru?"

Kadontho anatsegula chikwama kuti atenge mpango, ndipo Waliwali, amene maso ake sankapitirira chinthu chonyezimira, anaona kabotolo ka chivindikiro chagolide. Anakatsomphola.

"Ichi n'chiyani?"

"Bweretsa."

Anawerenga movutikira, chala chikutsata zilembo. Anali mafuta ochotsa mabanga pakhungu, odula, osatsegula.

"Wagula ndani?"

"Andipatsa azakhali."

"Azakhali ako amene amawerenga machesi m'bokosi? Wagula ndani?"

Kadontho anayang'ana pansi. "Magolovesi. Anapatsira azakhali kuti adadi asadziwe. Sindinatsegule, ukuona wekha. Ndimafuna ndikamubwezere."

Apa munthu wanzeru akanagwira dzanja la mtsikanayo n'kukhala chete. Koma nsanje ikalowa mwa munthu wanthabwala imatulukira pakamwa.

"Ndiye wayamba kulandira mphatso za anthu ovala masokosi m'manja? Ngati nkhani ndi yochotsa mabanga, bwanji osabwera kwa katswiri? Mphindi khumi pamakina anga, utuluka uli ngati supuni yatsopano. Ulere!"

Anaseka yekha. Basi inadutsa, utsi wake n'kuwakuta, ndipo utsiwo utatha Kadontho anali akumuyang'ana ndi nkhope yonse, tsaya lija lili poyera.

"Ukandiyang'ana, umayamba kuona chiyani?"

"Aaa, iwenso, n'zocheza."

"Ndiyankhe."

"Ndimaona mkazi amene ndidzamuwalitse mpaka anthu aziphimba maso akamadutsa. Udzaona wekha."

Kwa Waliwali amenewa anali mawu achikondi otsiriza, oti mkazi akamva agwe pachifuwa. Kadontho analanda kabotolo kaja, nakabwezera m'chikwama, n'kukwera basi yoyamba imene inaima, yosapita n'kwawo komwe.

*

Lachinayi lonse foni ya Kadontho inangolira osayankhidwa. Waliwali anatumiza mauthenga asanu ndi awiri, atatu opepesa, anayi ofunsa ngati Magolovesi amavula magolovesi akamadya.

Lachisanu m'mawa yankho linabwera, mzere umodzi wokha: "Khobidilo ulichite zimene ungandichite ine."

Waliwali anawerenga katatu, dzino lagolide lili panja. Anathamangira kwa wometa foni ili m'mwamba.

"Taona! Wandiuza mochenjera, lumbiro osaliphwanya. Ndinamulonjeza kuti ndidzamuwalitsa, ndiye akuti ndiyambire pa khobidi. Mkazi uyu ndi wanzeru, aise!"

Wometa anawerenga, nakanda m'mutu ndi chipeso. "Ine ndikumva ngati akunena zina."

"Iwe umamva tsitsi basi."

Waliwali anabwerera kugalaja, natseka chitseko cha kachipinda kake, nauza mwini galaja kuti lero bampala aliyense adikire. Anayamba ndi viniga ndi mchere m'kapu. Khobidi litalowa, madziwo anayamba kusanduka obiriwira, iye n'kumaimba mluzu. Kenaka bulashi ya waya. Kenaka gudumu lansalu la makina, vuuu, fumbi lobiriwira likugwera pansapato zake. Zaka zikwi ziwiri zinkachoka ngati matope a dzulo.

Koma kabanga ka patsaya kanakana. Viniga kanamwa, bulashi kanaseka.

"Iwe mfumu, sunandidziwe," anatero Waliwali akupinda manja a shati. "Kwanu unkalamula asilikali, kuno ukumvera ine."

Anatenga sandipepala wosalala uja amamusungira ntchito za mabwana, nayamba kukhula. Maola awiri. Thukuta linatsikira m'maso, chala chinatuluka thuza, koma kabangako kanatha. Zoona, tsaya la mfumuyo linatsala lophwatalala, mphuno inafupika ngati ya munthu amene wakumana ndi chibakera, ndipo zilembo za m'mbali zinangotsala mizukwa yake. Koma kuwala kwake! Ankadziona nkhope mmenemo, ndi dzino lomwe.

"Mphuno si nkhani," anadziuza. "Ndani anakwatira chifukwa cha mphuno?"

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

*

Loweruka masana anavala suti yobwereka kwa mwini galaja, khobidi ataliika m'kabokosi ka mphete. M'chipinda chija anapeza onse alipo: a Hedi kuseri kwa tebulo, azakhali pasofa, Magolovesi pampando wa pafupi ndi kabati ngati mwana wa m'nyumbamo. Kadontho anaima pawindo. Chibangili chinali chikadali padzanja, ndipo Waliwali atachiona mtima unakhala pansi.

Magolovesi ndiye anayamba. Anavala magolovesi ake, natulutsa envelopu, n'kutsetserezera peni yaikulu yakuda pansalu ya patebulo. A Hedi anaiyang'ana ndi galasi mbali zonse ziwiri, nagwedeza mutu.

"Monga munandipatsira, bambo," anatero Magolovesi. "Ndi mpweya womwe sunaikhudze."

Waliwali anatsokomola kuti abise kuseka. Sabata yathunthu munthu osagwira ntchito, n'kumanyadira!

"Nanga inu?" anatero a Hedi.

Waliwali anadzuka, nakonza jekete, naika kabokosi patebulo, n'kukatsegula pang'onopang'ono monga amachitira amatsenga. Dzuwa la pawindo linagwera pakhobidi, kuwala kwake n'kudumphira kudenga, kumavina pamenepo.

A Hedi anasuzumira m'kabokosimo.

"Ili ndi la yani?" anafunsa a Hedi.

"Lanu, bambo! Simukulizindikira, eti? Ndi mmene amachitira onse."

"Langa linali ndi khungu."

"Dzimbiri lija? Ndachotsa lonse. Musavutike n'kulipira, ndi za pachibale."

Azakhali anagwira pakamwa, koma mapewa ankagwedezeka. A Hedi ananyamula khobidilo m'mbali, naliyang'ana ndi galasi lokuzira.

"Si dzimbiri, bambo wowalitsa," anatero motsitsa mawu. "Ndi khungu. Nthaka imaliveka chaka ndi chaka, ndipo likachoka silimeranso. Ndilo limatiuza kuti chinthu ndi chenicheni, kuti chinakhalapo, chinapirira. Panopa mwandibweretsera batani la jekete." Anasendeza galasi. "Patsaya apa panali banga."

"Limenelo ndiye linandivuta!" anatero Waliwali, poganiza kuti mwina apa mpamene pali mamalikisi. Anaonetsa chala chathuza. "Maola awiri, bambo. Linkakana, koma ine chinthu chonyansa sindichisiya pankhope ya munthu."

Mawuwo atangotuluka anamva kuti waponda pamoto. Pawindo paja dzanja la Kadontho linali litakwera lokha kukaphimba tsaya.

A Hedi anaika khobidi pansi. "Ili ndi loyamba mwa onse ali m'kabatimu. Amene analigula ndi malemu mayi ake a mwanayu, mwezi umene anabadwa, pamene achibale ankabwera kudzaona khanda n'kumanong'onezana kukhitchini." Azakhali anasiya kuseka, nayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. "Anandibweretsera ali ndi mwana kumsana, n'kundiuza kuti: taonani, ngakhale mafumu amakhala nalo."

Waliwali anatembenukira kwa Magolovesi, chala chili patsogolo. "Ndi uyu! Uyu ndi amene..."

"Ine ndinati chiyani, achimwene?" anatero Magolovesi mofatsa. "Ndinati musalipukute. Kawiri. Ndinati mulikulunge m'kansalu. Wometa ndi mboni, tikhoza kumuitana."

Zinali zoona, ndipo palibe msampha woipa ngati womangidwa ndi zoona zokhazokha.

"Kadontho," anatero Waliwali. "Uthenga wako uja. Iwe ndi amene unati..."

"Ndinati ulichite zimene ungandichite ine." Mtsikanayo sanakweze mawu. Anabwera patebulo, nayang'ana m'khobidimo, nkhope yake n'kuonekera mmenemo ngati pagalasi, banga lili pomwepo pamene la mfumu linachoka. "Wandiyankha. Zikomo."

Anavula chibangili, nachiika pambali pa khobidi. Ziwirizo zinkawala mofanana, ntchito ya manja amodzi.

"Bambo, ndimvereni kamodzi kokha," anatero Waliwali. "Ine ndalakwa, inde, koma mufunseni uyu za kabotolo kamene kali m'chikwama cha mwana wanu. Afunseni azakhaliwa kuti..."

"Achimwene, munthu uyu wayamba kubwebweta," analowerera azakhali msangamsanga. "Wapala khobidi, tsopano akufuna kupala ndi ife tomwe."

"Kadontho, tulutsa botololo! Uwaonetse!"

Kadontho anamuyang'ana, chikwama chili pomwepo pampando, pafupi ndi dzanja lake. Kenaka anabwerera pawindo, n'kutembenuzira tsaya kukhoma.

"Pakamwa panu pawala mokwanira," anatero a Hedi.

Anakankhira mpando kumbuyo, nadzuka. Anazungulira tebulo pang'onopang'ono, dzanja lamanja atalitambasula. Ndipo taonani kupusa kwa thupi la munthu: dzanja la Waliwali linanyamuka lokha, lathuza lomwelo, poti sabata yonse linkayeserera nthawi imeneyi pagalasi la wometa.

Dzanja la a Hedi linadutsa pambali pake, mkono wa shati n'kukhudza batani la suti yobwereka ija, n'kukagwira golovesi loyera.

"Mkamwini," anatero a Hedi.